Alamu akufuna Kia ya mtengo wa Benz

Lamlungu lapitali foni inalira ndili pakati potsuka kagalimoto kanga kuseri kwa nyumba. Anali mlongo wanga amene amakhala ku Leicester. Moni weniweni sanapereke.

"Achimwene, talankhulani nawo alamu anuwa. Akufuna kugula Kia ya mapaundi 40,000."

Ndinazimitsa mpopi. Ndinamufunsa ngati sanamve molakwika, mwina anati 14,000. Iye anati ayi, pepala la mtengo ali nalo m'manja, palembedwa £40,495. Ndinawerengera mumtima n'kupeza kuti ndalamayo, pa mphamvu ya kwacha ya mu 2018, inkayandikira K40 miliyoni. Kenako alamuwo anatenga foni, ndipo mawu awo anali a munthu amene wakhala akudziteteza kuyambira m'mawa. "Alamu, musamvere zimenezo. Galimoto imeneyi ndi yotchipa. Ya mtundu womwewo kwa BMW kapena Audi simungaipeze pamtengo umenewu."

Yotchipa. Mawu amenewa ndi amene andilembetsa lero, chifukwa onse awiri akunena zoona, ndipo sabata yonseyi ndakhala ndikufufuza kuti zikutheka bwanji.

Galimoto yake dzina lake ndi Kia Stinger. Inaonetsedwa koyamba ku Detroit mu Januwale 2017, ndipo ku Britain inayamba kugulitsidwa mu 2018. Amene tazolowera Kia ya Picanto, kaja kotha kukwana pakhonde, kapena Sportage yopitira kumunda ndi kutchalitchi, tiiwale kaye zonsezo. Iyi ndi yaitali mamita 4.8, yogona pansi, ya boneti lalitali, ndipo imene alamu akuifuna, yotchedwa GT S, ili ndi injini ya V6 ya malita 3.3 yokhala ndi matebo awiri. Mphamvu yake akaiyeza m'mahatchi imakwana 370. Kuchoka poima kufika liwiro la makilomita 100 pa ola imatenga masekondi 4.9, ndipo ikatsegulidwa yonse imafika 270. Mphamvuyo imapita kumatayala akumbuyo, monga zimakhalira pa BMW ndi pa Benz, osati akutsogolo ngati galimoto zambiri za banja.

Tsono taonani anzake amene ikulimbana nawo. BMW 440i Gran Coupé ili ndi mahatchi 326. Audi S5 Sportback ili ndi 354. Zonsezi mtengo wake ku Britain mu 2018 unkayambira cha m'ma £45,000 kupita m'mwamba, ndipo mawu oti "unkayambira" muwagwiritsitse. Makampani a ku Germany ali ndi chizolowezi chokugulitsa galimoto ngati mmene ena amagulitsira nyumba yopanda siling'i: mtengo woyamba umaoneka bwino, koma ukafuna mipando yachikopa chabwino, zokuzira mawu zamphamvu, makamera oonera mbali zonse, chilichonse chili ndi mtengo wakewake. Ukamatuluka m'sitolomo wawonjezera masauzande angapo osadziwa. Kia inachita mosiyana. Inathira zonse mumphika umodzi: mipando yachikopa yotha kutentha ndi kuzizira, mabuleki a Brembo, zokuzira mawu za Harman Kardon, kamera, ndi kaja koonetsa liwiro pagalasi lakutsogolo kuti usamaweramire pansi. Pamwamba pa izo pali waranti ya zaka 7 kapena mamailosi 100,000, pomwe anzakewo amapereka zaka zitatu.

Ukaziika papepala chonchi, alamu apambana mlandu. Mphamvu zambiri, katundu wambiri, chitsimikizo chachitali, ndalama zochepa. Ine ndikanakhala woweruza ndikanamenya kale tebulo.

Ndipo asakunamizeni munthu kuti iyi ndi Kia wamba yovekedwa jekete. Kampaniyi, imene inayamba mu 1944 n'kupanga zitsulo za njinga, ndipo inagwa mu 1997 n'kutoledwa ndi Hyundai chaka chotsatira, inapita ku Germany komweko kukatenga anthu. Peter Schreyer, amene dzina lake limatchulidwa pa Audi TT yoyamba ija, anabwera ku Kia mu 2006 kudzatsogolera ojambula maonekedwe a galimoto. Stinger inajambulidwa ku Frankfurt motsogozedwa ndi Gregory Guillaume. Albert Biermann, amene anagwira ntchito zaka zoposa 30 ku BMW ndipo anali mkulu wa mainjiniya kunthambi ya galimoto zothamanga ya M, anasamukira ku Hyundai ndi Kia mu 2015, ndipo ndi iye anayang'anira kayendedwe ka galimotoyi. Anakaizunza pamsewu wa mipikisano wa Nürburgring, komwe a BMW ndi a Porsche amazunzirako zawo. Kunena mwachidule, amene anaphika ndiwozi ndi omwe aja amaphika kuhotela, angosintha khitchini.

Ndiye vuto lili pati?

Vuto loyamba lili pamphuno pa galimotoyo, pamene pali zilembo zitatu zija. Mlongo wanga ananena mosabisa: "Achimwene, ndalama zonsezo, anthu kutchalitchi azikati agula Kia?" Ndinafuna kumudzudzula kuti akuganiza zachibwana, koma ndinadzigwira. Ndani mwa ife amene sanaonepo mmene mlonda wa pageti amadumphira ikafika Benz, ngakhale yakale yofuka utsi, n'kuchedwa kudzuka ikafika galimoto yatsopano ya dzina wamba? Pa ukwati, akwati amafuna kukwera chiyani? Dzina ndi katundu, ndipo amene amagula BMW amadziwa kuti gawo lina la ndalama zake akulipirira kachizindikiro kozungulira kaja. Sabisa, ndipo sakuberedwa. Akugula chinthu chimene akuchifuna.

A Kia nawonso akuchidziwa chimenechi. Kwawo ku South Korea, Stinger itangotuluka sanaiike chizindikiro cha Kia pamphuno. Anaipangira chakechake chooneka ngati chilembo cha E. Ndinaseka nditamva zimenezi. Mwana wochita bwino m'banja, koma abambo ake omwe akumuuza kuti akapita kutauni asamatchule dzina la kumudzi.

Ife kuno nkhani imeneyi timaidziwa kuposa mmene timaganizira. Mukukumbukira mmene Toyota Altezza inavutira m'misewu yathu? Galimoto yomweyo ku Ulaya ndi ku America inkagulitsidwa ndi dzina loti Lexus IS. Harrier ija ndi Lexus RX. Ku Japan dzina la Lexus linayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2005, ndiye zonse zimene zinkagulitsidwa kumeneko chisanafike chaka chimenecho zinkavala chizindikiro cha Toyota. Ndimadziwa anyamata amene ankayitanitsa Altezza, ikangodutsa pa Songwe n'kupita nayo kwa makanika kukamatula chizindikiro n'kumatapo cha Lexus. Chitsulo chomwecho, injini yomweyo, koma mwiniwake akamatsika ankayenda mosiyana.

Toyota inazindikira msanga kuti munthu wa ndalama sangalipire mtengo wa Benz pa dzina limene lilinso pa Corolla. N'chifukwa chake mu 1989, itapanga galimoto yolimbana ndi Mercedes ndi BMW ku America, inabatiza dzina latsopano, n'kutsegula masitolo akeake. Lexus LS 400 inagulitsidwa motsika kwambiri poyerekeza ndi anzake a ku Germany, ndipo inawadzidzimutsa. Volkswagen inayesa njira inayo. Mu 2002 inatulutsa Phaeton, galimoto yapamwamba zedi, yopangidwa m'fakitale ya magalasi ku Dresden, yogawana zambiri za m'kati ndi Bentley. Koma pamphuno panali VW yemweyo wa pa Golf ndi Polo. Ku America anaichotsa pamsika patangopita zaka zochepa, ndipo mu 2016 anasiya kuipanga. Aliyense amene anaiyendetsa ankaitamanda. Ogula ndi amene anasowa. Hyundai, mwini wake wa Kia, anaphunzirapo: mu 2015 anapatula dzina la Genesis kuti likhale la galimoto zake zapamwamba, ndipo Genesis G70 ndi m'bale wake wa Stinger, zimagawana mafupa ndi injini. Stinger yokha ndi imene yatumizidwa kunkhondo itavala yunifolomu ya kwawo.

Zonsezi zikanakhala nkhani za ulemu chabe, ndikanawauza alamu kuti agule, anthu azinena. Koma dzina limasanduka ndalama tsiku logulitsa, ndipo apa ndi pamene ambiri timaphonya masamu.

Mtengo wa galimoto yatsopano si umene walembedwa pagalasi. Mtengo weniweni ndi kusiyana kwa ndalama imene walipira poigula ndi imene udzalandire poigulitsa, kuphatikiza zonse zimene yadya ili m'manja mwako. Ku Britain anthu ambiri sagula galimoto yatsopano ndi kashi. Amatenga ngongole ya mtundu wotchedwa PCP. Mmene imayendera ndi chonchi: wobwereketsa amayerekeza kuti pakatha zaka zitatu kapena zinayi galimotoyo idzakhala ya ndalama zingati, ndiye iwe mwezi ndi mwezi umalipira kwenikweni gawo limene galimotoyo ikutaya, kuphatikiza chiwongoladzanja. Choncho galimoto ya £47,000 imene akuikhulupirira kuti idzagulitsika bwino ikhoza kukudya ndalama zofanana pamwezi ndi ya £40,000 imene akuikayikira. Mapaundi 7,000 aja amene umati wapulumutsa akhoza kusungunuka osawaona. Ndipo munthu wofuna galimoto yothamanga yogwiritsidwapo kale ntchito, akamayang'ana pamsika, dzina limene limabwera msanga m'mutu mwake si Kia. Ndinawauza alamu kuti asandiwerengere mitengo ya pagalasi. Apite m'masitolo onse atatu, apereke dipoziti yofanana, zaka zofanana, mtunda wofanana, abwere ndi manambala atatu a pamwezi. Pamenepo ndiye tidzakambirana.

Pali kenanso kamene kanandiseketsa mowawa. Mu Epulo 2017, boma la Britain linayamba kulipiritsa msonkho wowonjezera, umene panthawiyo unali £310 pachaka, kwa zaka zisanu, pa galimoto iliyonse yatsopano imene mtengo wake wadutsa £40,000. Cholinga chake n'kuluma anthu a Benz ndi Range Rover. Mtengo wa Stinger GT S unali pafupi kwambiri ndi mzerewo.  A BMW ndi a Audi aja ankalipira msonkhowo, zoona, koma iwo ulemu wa pageti amaulandira.

Mafuta nawo ndi nkhani. Injini ya malita 3.3 yokoka galimoto yolemera chonchi siidziwa kusala kudya. Ngakhale pa manambala a kampani yomwe, ikumwa pafupifupi malita 10 pa makilomita 100, ndipo tonse tikudziwa kuti munthu amene wagula mahatchi 370 sayendetsa ngati akupita kumaliro. Sevisi yake ku Britain mu 2018 ankati izichitika pa mamailosi 6,000 aliwonse kapena miyezi 6, pomwe za ku Germany zimatha chaka kapena kuposerapo zisanaone galaja. Ndipo waranti ya zaka 7 ija imayendera limodzi ndi kusaphonya sevisi. M'kati mwake ndi mokongola, koma amene anakhalapo mu Audi akagwira mabatani ndi mapulasitiki ena amazindikira pamene a Kia anapulumutsira ndalama. Palibe matsenga: mapaundi masauzande angapo aja anayenera kuchotsedwa penapake.

Komabe, nditawerengera zonsezi, ndikuimabe pa mawu awa: mtengo wa Stinger ndi wachilungamo. Ndinganene kuti ndi wowolowa manja. Munthu amene akufuna galimoto yamphamvu yokankhira kumbuyo, amene sasamala zonena za anthu, ndipo akufuna kukhala nayo zaka zonse 7 mpaka waranti ithe, sangapeze yofanana nayo pa ndalama imeneyo. Kwa iye nkhani ya mtengo wogulitsira imachepa mphamvu, chifukwa pakatha zaka 7 galimoto zonsezi zimakhala zitagwa mtengo, ndipo mwini BMW amakhala atayenda zaka zinayi akudzilipirira yekha chilichonse chimene chawonongeka. Apolisi a ku Queensland ku Australia, amene sagula galimoto pofuna kutamandidwa, anaisankha mu 2018 kuti izithamangitsa othamanga pamsewu, pamene Holden ndi Ford anali atasiya kupanga galimoto m'dzikomo. Anthu amenewo amayang'ana ntchito ndi mtengo basi.

Ndinawafotokozera zonsezi alamu Lachitatu usiku, ndipo ndinamva kumwetulira kwawo pafoni. "Mwamva, mayi a ana? Achimwene anu omwe avomereza."

Mlongo wanga anangoti, "Afunseni kuti kusitoloko tinapitirako chiyani."

Kunali zii.

Nkhani yake inali yakuti galimoto yawo yakale yatopa, ndipo anagwirizana zogula ina ya banja ya ndalama zosapitirira £25,000. Anapita kukaona Sportage. Ana awiri, ngolo ya mwana wamng'ono, katundu wa kumsika, ndi amayi akabwera kudzacheza. Ali m'sitolomo, pakona panali Stinger yofiira, magetsi akuiwalira. Alamu anangoti aione pang'ono. Anakhala pampando, anagwira chiwongolero, wogulitsa anawaonetsa pepala loyerekeza mtengo wake ndi wa Audi ndi BMW. Anatuluka m'menemo akukhulupirira kuti apeza njira yopulumutsira mapaundi masauzande angapo.

Apa ndi pamene ndinaona kuti ine ndi alamu takhala tikuyankha funso limene munthu wina anatisankhira. Funso loti "kodi ndi yotchipa poyerekeza ndi BMW?" ndi funso labwino kwa munthu amene anadzuka m'mawa akupita kukagula BMW. Alamu sanadzukire BMW. Sanalowepo n'komwe m'sitolo ya BMW. Galimoto ya ku Germany ija inalowa m'nkhaniyi ngati mwala wa pasikelo, kuti £40,495 ioneke yopepuka. Ukaichotsa pasikelopo n'kuikapo Sportage imene anapitira, Stinger siikupulumutsa kanthu, ikuwonjezera £15,000. Sindikunena kuti wogulitsayo ananama. Manambala ake onse anali oona, ndipo ntchito yake ndi imeneyo. Amayi ogulitsa zitenje pamsika amachitanso chimodzimodzi: amayamba kukuonetsa cha ku Holland, kuti chinacho ukamve mtengo wake upume.

Ndipo £15,000 imeneyo kwa banja lija ili ndi dzina. Ndi denga la nyumba imene akumanga ku Area 49, imene yaima pa lintala kuyambira chaka chatha, ndipo ine ndi amene ndimapita kukaona ngati njerwa zikadalipo. Mvula ikubwerayi ikhala yachiwiri kugwera m'zipinda.

Sindikufuna kuwapanga alamu anga chitsiru, chifukwa si chitsiru. Bambo ameneyu wagwira ntchito zausiku zaka zoposa khumi m'dziko lozizira, walipirira sukulu ana a abale ake ndi a abale athu, ndipo sindinamumvepo akudzigulira kanthu koposa nsapato. Munthu wotere akakhala pampando wachikopa n'kumva injini ikulira, n'kuganiza kuti "kodi ine ndiye ayi?", ine sindingamuseke. Ndinawauza momwemo. Ndinawauzanso kuti chimene chandisangalatsa n'chakuti sanathamangire chizindikiro. Anaona galimoto yabwino n'kuizindikira ngakhale yavala dzina wamba, pomwe ambiri a ife tikanagula Benz yotopa kuti atione. Diso ali nalo. Koma ngati akuifuna, aifune poyera: anene kuti "ndikufuna kudzisangalatsa ndi £15,000," akambirane ndi akazi awo pa mawu amenewo, osati kubisala kumbuyo kwa BMW imene sanaiganizepo.

Anayesa njira ina. Anati pali Stinger ya injini yaing'ono, ya malita 2.0, imene inkayambira pa £31,995, yosafika pa msonkho uja. N'zoona inalipo, ndipo panalinso ya dizilo. Thupi ndi lomwelo, kukongola n'komweko, buti ndi lomwelo lotseguka ndi galasi lakumbuyo, lokwana ngolo ya mwana. Koma ndinawafunsa ngati imeneyo ndi imene inawagwira mtima m'sitolo muja. Anavomera kuti ayi, chimene chinawagwira ndi V6. Ndiye kugula yaing'onoyo kukhala kuwonjezera £7,000 pa bajeti n'kutsalabe ndi njala. Komanso pa injini zazing'onozo a BMW ndi a Audi ali ndi zawo za mitengo yoyandikira, zosamwa mafuta kwambiri, moti mwayi wa Kia umachepa. Galimotoyi imawala kwenikweni pamwamba pomwepo, pamene ikupereka mahatchi 370 pa mtengo umene ena akupereka ochepa.

Malangizo amene ndinapereka pomaliza ndi a munthu wozolowera galimoto za kaunjika, ndipo a Kia sangandithokoze nawo. Ndinati adikire. Chinthu chomwe chikuopseza wogula woyamba, kugwa kwa mtengo chifukwa cha dzina, ndi chimene chimakondweretsa wogula wachiwiri. Waranti ya Kia ku Britain imatsatira galimoto, siithera pa mwini woyamba. Stinger ya zaka ziwiri kapena zitatu idzakhala ikadali ndi zaka zinayi kapena zisanu za chitsimikizo, nthawi imene BMW ya msinkhu womwewo chake chikutha. Wina alipire kaye gawo lowawalo. Ngati ndalakwitsa, ndipo galimotoyi ikadzagwira mtengo osagwa, ndiye kuti alamu anali olondola kuyambira pachiyambi, ndipo ndidzapepesa patsamba lomwe lino.

Mlongo wanga anawonjezera lamulo lake: denga liyambe lakwera.

Alamu sanayankhe kuti inde kapena ayi. Anangondifunsa mtengo wa malata a geji 28 masiku ano, ndi kuti kalipentala uja akadalipo. Ndinawauza kuti ndikafunsa Loweruka. Foni isanaduke ndinamva akufunsa akazi awo, motsitsa mawu, ngati angapitebe kukaiyesa pamsewu, poti tsiku anapangana kale ndi wogulitsa uja ndipo kuyesa salipiritsa. Mlongo wanga anati apite, koma khadi la kubanki alisiye pa tebulo, ndipo atenge ana onse awiri ndi ngolo yawo.